M'mera Mpoyamba: Tisamange Ana Pakamwa Tsiku Loyamba la Chingerezi

Mwera waleka, nyanja yagona, ndipo sukulu zatsegula zitseko za chaka chatsopano. Ana amene adakhoza mayeso a Sitandade 8 akulowa Fomu 1, ena ndi sutikesi pamutu kupita kusukulu zogonera komweko, ambiri ndi makope m'manja kupita kusukulu zoyendera. Lero sindikufotokozerani za chinamwali kapena za kalongedwe ka ufumu monga ndichitira masiku ena. Ndili ndi mlandu ndi mwambo wina umene sudachokere kwa makolo athu, koma udazika mizu m'sukulu zathu mpaka ambiri akuuyesa nzeru.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mbewu ikapserera itangotuluka m'nthaka, ngakhale uithirire manyowa pambuyo pake, sidzabereka ngati inzake imene idamera bwino. Phunziro loyamba la Chingerezi ku Fomu 1 ndiwo mmera wa zaka zinayi za kusekondale. Tsono m'sukulu zambiri, mawu oyamba amene mwana amamva tsiku limenelo ndi lamulo lakuti kuyambira lero palibe kulankhula chilankhulo cha kwanu pabwalo la sukulu lino. Mapulifekiti amapatsidwa kope lolembamo mayina. M'sukulu zina wopezeka akulankhula Chichewa amavekedwa chikwangwani kapena fupa m'khosi, ndipo kuti achivule ayenera kugwira mnzake wolakwa chimodzimodzi. Amene belu lotsiriza lamupeza nacho amalandira chibalo: kutchetcha udzu, kukolopa, kukumba dzenje, mwinanso kulipira ndalama. Mwambo umenewu ndiwo ndikuutsutsa. Umavulaza mwana, umanyoza makolo ake, ndiponso, chimene aphunzitsi anzanga ayenera kumva bwino, umapha Chingerezi chimene ukuti ukuchitchinjiriza.

Ndiyambe ndi kutseka pakamwa amene afulumire kunena kuti agogowa amadana ndi Chingerezi. Moyo wanga wonse wa ntchito ndidaudyera pa choko ndi bolodi, ndipo ndikudziwa mtengo wake wa chilankhulo chimenechi. Mwana wolephera Chingerezi pa mayeso a MSCE salandira satifiketi, ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi mopambana. Mayeso onse a MANEB, kupatula a zilankhulo zina monga Chichewa, amalembedwa m'Chingerezi. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo adziwe kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira. Mabuku a zachipatala, a zamalamulo ndi a zomangamanga ali m'Chingerezi. Mdzukulu wanga aliyense ndimafuna achidziwe chilankhulo chimenechi mpaka kumatha kutsutsana nacho pabwalo popanda kuchita chibwibwi. Mkangano wanga uli pa njira yake, pakuti kuthamanga sikufika.

Taganizani za mwana amene wakhala pa desiki tsiku limenelo. Mwina wachokera m'mbali mwa Chia, mwina ku Linga, ku Benga kapena kufupi ndi mathiriro a Bua. Mwana ameneyu si chikho chopanda kanthu. Amadziwa kusiyanitsa mwera ndi mpoto asanatuluke m'nyumba. Amadziwa chifukwa chimene usipa amauphera usiku wamdima ndi nyali, ndi ntchito ya munthu aliyense pokoka chilimira. Amadziwa kuti mpasa umakwera mtsinje wa Bua kukaswana, ndi kuti chimene chimaoneka ngati utsi pamwamba pa nyanja ndi nkhungu. Mtsikana amadziwa masiku amene chinangwa chowawa chiyenera kukhala m'madzi kuti ululu wake uchoke chisanasanduke ufa wa kondowole. Zimenezi ndi jogalafe, ndi sayansi ya zamoyo, ndi sayansi ya zosakaniza, ndipo zonse mwanayo wazisunga m'chilankhulo cha amayi ake.

Nanga Chingerezi chake n'chotani? Chiyambire 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi kupulayimale ndipo chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kupitirira 3 miliyoni, makalasi ambiri akhala odzaza koopsa. M'kalasi la ana 100, ngakhale mphunzitsi akhale waluso chotani, mwana aliyense sangapeze mpata wolankhula chiganizo chimodzi chathunthu patsiku. Buku limodzi amagwirizana ana angapo. Motero mwana amafika ku Fomu 1 ali ndi Chingerezi cha m'kope: adachikopera pabolodi, adachiloweza, adachilemba pamayeso, koma sichidakhalepo pakamwa pake. Chimene akusowa koposa ndi kulimba mtima koyesa, kulakwa, kukonzedwa ndi kuyesanso. Munthu saphunzira kupalasa bwato ali pamtunda, ndipo palibe adaphunzira osagudubuzikapo m'madzi.

Tsono lamulo lija limam'patsa chiyani mwana wotereyu? Limam'patsa njira imodzi yokha yopulumukira, ndiyo kukhala chete. Akalankhula Chichewa alandira chibalo, akalankhula Chingerezi chothyoka anzake amuseka, choncho amatseka pakamwa. Mphunzitsi akafunsa ngati amva, kalasi lonse limavomera pamodzi, pamene theka lake silidatole kanthu. Mlendo wodutsa pakhonde angayamikire mwambo wa kalasi limenelo, koma n'chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Makolo athu adachenjeza kale kuti safunsa adadya phula, ndiponso kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ife tatenga mwana amene ayenera kufunsa kakhumi patsiku, n'kumuikira chilango pa chilankhulo chokhacho chimene angafunsire momasuka. Kenaka akalephera Fomu 4 timati anali waulesi.

Choipa chachiwiri chili pa khalidwe. Chikwangwani chopatsirana chija chimasandutsa ana kukhala akazitape a anzawo. Mwana amene wachivala saganizanso za phunziro. Makutu ake ali kwa anzake, kudikira amene atereke lilime. Ena amachita kum'kola mnzawo, kumutsina kapena kum'dzidzimutsa kuti afuule mawu a Chichewa. Kwathu timalera ana ndi mawu akuti mutu umodzi susenza denga, ndi akuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sukulu imene ikuphunzitsa mwana kuti chipulumutso chake chili m'kugwa kwa mnzake ikugwetsa zimene agogo adamanga, ndipo phunziro lotere mwana saliiwala ngakhale ataiwala galamala yonse.

Choipa chachitatu n'chozama kuposa ziwirizi. Pamene sukulu ilanga mwana chifukwa cha chilankhulo, imam'phunzitsa kuti chilankhulocho n'chonyansa, chofanana ndi kutukwana kapena kuba. Koma ndicho chilankhulo chimene amayi ake amam'dalitsira, chimene agogo ake amam'langira, chimene mfumu imaweruzira milandu, chimene amayi a kuno amaimbira akamavina chioda. Mwana wa zaka 14 sachedwa kuwerengera yekha kuti ngati chilankhulo cha amayi n'cha anthu otsalira, amayinso ndi otsalira. Ndipo taonani mawu amene timagwiritsa ntchito potchula zilankhulo zathu m'malamulo a sukulu, akuti vernacular. Mawu amenewa adachokera ku Chilatini, ku liwu lakuti verna, limene limatanthauza kapolo wobadwira m'nyumba ya mbuye wake. Aphunzitsi amene amawatchula saganiza za ukapolo, ndikuvomera. Koma ife a ku Nkhotakota tili ndi chifukwa chochitira nthumanzi ndi mawu otere. Pagombe pathu pano ndi pamene Jumbe Salim bin Abdullah adakhazikitsa msika wake m'zaka za m'ma 1840, ndipo anthu zikwizikwi adawolotsedwa nyanja m'zombo kupita ku Kilwa. Mtengo umene David Livingstone adakumanirana ndi Jumbe mu 1863 timauonetsa alendo mpaka lero. Sikoyenera kuti m'boma lomweli mwana avekedwe chinthu m'khosi chifukwa cholankhula monga alankhulira amayi ake.

Mwambo wa chikwangwaniwu sitidaupeke ife. Ku Wales, m'zaka za m'ma 1800, sukulu zina zinkaveka ana kamtengo kotchedwa Welsh Not, kopatsirana chimodzimodzi, ndipo wotsala nako pomaliza ankakwapulidwa. Cholinga chinali chomwechi, chakuti ana adziwe Chingerezi. Lero anthu a ku Wales amakumbukira kamtengo kameneka ndi chisoni, ndipo mu 1993 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain idakhazikitsa lamulo lakuti chilankhulo chawo chilemekezedwe mofanana ndi Chingerezi pa ntchito za boma m'dziko lawo. Ku Kenya, mlembi Ngugi wa Thiong'o, amene adamwalira mu 2025, adafotokoza m'buku lake la 1986 lotchedwa Decolonising the Mind momwe ana a m'nthawi ya atsamunda ankalangidwira akapezeka akulankhula Gikuyu kusukulu. Eni ake amene adayambitsa mwambowu adautaya kale. Ife tatola chimene anzathu adataya kudzala n'kuchiika pa alumali.

Wina ati, zonsezi n'zachifundo chabe, koma kodi njirayi siigwira ntchito? Kodi mwana womizidwa m'Chingerezi chokhachokha sachidziwa msanga? Funso limeneli lidayesedwa kale, ndipo lidayesedwa pa ana athu omwe. Dziko la Zambia lidasankha mu 1966 kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira kalasi loyamba. Kuno ku Malawi, chitachitika chigamulo cha msonkhano wa chipani cha Malawi Congress mu 1968, ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, Chingerezi chili phunziro limodzi, kenaka n'kusinthira ku Chingerezi mu Sitandade 5. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina wa ku Britain, Eddie Williams, adayesa ana a m'maiko awiriwa pa kuwerenga. Adapeza kuti pofika chaka chachisanu ana a ku Zambia, amene adamizidwa m'Chingerezi zaka zonsezo, sankawerenga Chingerezi kuposa a ku Malawi, pamene pa kuwerenga Chinyanja ana a ku Malawi adawasiya kutali. Kumana mwana chilankhulo chake sikudam'gulire Chingerezi. Kudangom'landa chimene anali nacho. Ndipo pa kafukufuku wa SACMEQ wa 2007, woyesa ana a Sitandade 6 m'maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Afrika, maiko onse awiriwa adali kumchira pa kuwerenga. Apa tikuona kuti nthenda yathu yeniyeni ndi kusowa kwa mabuku, kuchuluka kwa ana m'kalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi okonzeka bwino. Chikwangwani sichichiza nthenda imeneyi ngakhale pang'ono. Bungwe la UNESCO lidanena kale mu 1953 kuti mwana amaphunzira bwino m'chilankhulo chimene amachidziwa, ndipo zaka zoposa 70 zapita tikutsutsanabe ndi chinthu chimene mayi aliyense wophunzitsa mwana kusinja amachidziwa.

Wina ati, nanga lamulo la boma? N'zoona kuti lamulo la zamaphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira m'sukulu, ndipo mu 2014 nduna ya zamaphunziro ya nthawi imeneyo, a Lucius Kanyumba, idalengeza kuti zimenezi ziyambire Sitandade 1. Koma kuphunzitsa m'Chingerezi ndi nkhani ina, kulanga mwana wolankhula Chichewa pa mjigo kapena pabwalo la mpira ndi nkhani inanso. Lamulo limenelo silidalamule chikwangwani. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chimene wasankha ndi kutenga mbali pa chikhalidwe chimene wasankha. Mwana wa Fomu 1 ndi munthu, ndipo ufulu umenewu sausiya pachipata cha sukulu.

Wina atchula Kamuzu Academy, ku Mtunthama, pamsewu wochokera kuno kupita ku Kasungu. Sukulu imeneyi idatsegulidwa mu 1981 ndi aphunzitsi ochokera kunja, Chilatini ndi Chigiriki zili m'gulu la maphunziro, ndipo ana ake adatuluka akulankhula Chingerezi chosalala. Zoona. Koma ana amenewo adali osankhidwa mwa okhoza koposa m'boma lililonse, adali ndi laibulale yaikulu, makalasi aang'ono, magetsi ndi chakudya chokwanira. Chimene chidawapatsa Chingerezi ndi zimenezi. Sukulu yoyendera ya kumudzi, ya mtundu umene udabadwa mu 1998 kuchokera ku ma MCDE akale, singakopere laibulaleyo, tsono imakopera chiletso chokha popeza ndicho chosalira ndalama. Kumeneko n'kuvala chipewa cha mfumu n'kumayembekeza kuti anthu ayamba kukutulira milandu. Komanso tisaiwale kuti a Kamuzu Banda omwewo, amene ankalankhula pamisonkhano m'Chingerezi womasulira ali pambali, ndiwonso adakhazikitsa bungwe la Chichewa Board mu 1972 ndipo ankadzudzula anthu opotoza Chichewa. Tidalandira kwa iwo mitima iwiri pa nkhani ya zilankhulo, ndipo mpaka lero sitidaiyanjanitse.

Pali mfundo ina imene ndiyenera kuilemekeza. M'boma lathu lino si onse amene chilankhulo chawo cha kubere ndi Chichewa. Kumpoto, kuyambira cha ku Dwangwa kupita ku Dwambazi, kuli abale athu Atonga. Kuli Ayao, ndipo kumunda wa nzimbe kudabwera anthu a mitundu yonse. Ena amati Chingerezi chokha ndicho sichikondera mtundu uliwonse. Yankho langa n'lakuti zimene ndikupempha ndikupemphera ana onse. Mwana wolankhula Chitonga asalangidwe chifukwa cha Chitonga, ndipo asanyozedwe ndi anzake olankhula Chichewa. Ife Achewa tikumbukire kuti chigamulo cha 1968 chimene chidakweza chilankhulo chathu ndicho chidachotsa Chitumbuka pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo bala limenelo abale athu a kumpoto adakhala nalo zaka zambiri. Amene akudziwa kuwawa kwa kumangidwa pakamwa asamange mnzake.

Tsono ndilankhule ndi inu aphunzitsi a Chingerezi, pakuti ntchito yanu ndimaidziwa kulemera kwake. Poletsa Chichewa mwataya chida chanu chakuthwa koposa. Zolakwa zambiri za ana athu m'Chingerezi zili ndi gwero lake m'Chichewa, ndipo wodziwa gwero ndiye amachiza. Mwana amasokoneza he ndi she chifukwa kwathu mwamuna ndi mkazi onse ndi iye. Amasokoneza l ndi r chifukwa m'Chichewa kusinthanitsa malembo awiriwa sikusintha tanthauzo la mawu. Amawonjezera lembo la liwu kumapeto kwa mawu a Chingerezi chifukwa mawu athu onse amathera choncho, monga tidachitira posandutsa mawu awo kukhala sukulu, buku ndi tebulo. Akafunsidwa kuti sunadye, amayankha inde kutanthauza kuti sanadyedi, pamene Mngerezi pamenepo amayankha ayi. Amati akumva fungo ndi liwu la Chingerezi la makutu, chifukwa kwathu timamva mawu, timamva fungo, timamva kuwawa, timamvanso tanthauzo, zonse ndi mneni mmodzi. Mphunzitsi akalemba ziganizo ziwirizo pabolodi, cha Chichewa ndi cha Chingerezi, n'kuonetsa pamene zikusiyana, mwana amaona ndi maso ake m'mphindi zisanu chimene akadalakwitsa zaka zinayi. Ndiponso mwanayu adaphunzira kale kupulayimale za dzina, mneni, mfotokozi ndi mlowam'malo m'phunziro la Chichewa. Mlatho ulipo kale. N'chifukwa chiyani tikuugumula n'kuuza ana kuti awoloke posambira?

Amene adakwera pamwamba pa Chingerezi m'dziko muno adakwerera pa mlatho womwewu. A Samuel Josia Ntara adalemba Nthondo m'Chinyanja, buku limene lidapata mphotho mu 1933 ndipo lidamasuliridwa m'Chingerezi ndi a Cullen Young. A Steve Chimombo adatenga Napolo wa m'nthano za makolo n'kumulowetsa m'ndakatulo za Chingerezi. A Jack Mapanje, mwana wa kunyanja wa ku Mangochi, amene adali mkulu wa gawo la Chingerezi ku Chancellor College pamene adamangidwa mu 1987, adazama pa miyambi, nyimbo ndi zining'a za kwathu, ndipo ndizo zidapatsa mphamvu ndakatulo zawo. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, adatenga buku la Chingerezi mulaibulale yaing'ono, Chingerezi chake chili chochepa, n'kumatsatira zithunzi ndi kufunsa matanthauzo a mawu mpaka adamanga makina opangira magetsi ndi mphepo. Chimene chidam'kokera ku Chingerezi ndi njala yofuna kudziwa chinthu, ndipo buku lidalipo. Palibe mwa anthu amenewa amene chikwangwani chingadzitamandire kuti ndicho chidamupanga.

Ngakhale amishoni, amene ena amawanena kuti ndiwo adabweretsa zonsezi, ambiri a iwo adayamba ndi kuphunzira chilankhulo chathu. A mpingo wa UMCA amene adakhazikika kuno mu 1894, kumene Bishopu Chauncy Maples adaikidwa m'manda atamira panyanja mu 1895, ankaphunzitsa ndi kupemphera m'Chinyanja. David Clement Scott wa ku Blantyre adasindikiza dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Ndipo chilankhulo chathu sichidaopepo mlendo. Kwa Apwitikizi tidatenga nsapato, kalata ndi mbatata; kwa Aswahili tidatenga mzikiti ndi ndege; kwa Angerezi tidatenga zambirimbiri. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo timam'landira. Koma palibe mwambo wa kwathu umene umati mlendo akafika, mwininyumba akagone kukhola.

Kudzudzula kopanda njira ina n'kubwebweta, tsono nayi njira imene ndikupempha. Tsiku loyamba mphunzitsi alankhule Chingerezi chomveka, chodekha, ndipo auze ana poyera kuti m'kalasi muno kulakwa si mlandu, mlandu ndi kuseka wolakwa. Kenaka apemphe mwana aliyense kuti abweretse chinthu chimodzi cha kwawo: mwambi, dzina la mphepo, kapangidwe ka ufa wa kondowole, kasokedwe ka ukonde. Ana akhale awiriawiri kapena anayianayi, akambirane m'chilankhulo chilichonse, koma chimene akanene kutsogolo ndi chimene alembe chikhale m'Chingerezi. Yesani kuwapatsa mwambi wakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi kuti aufotokoze m'Chingerezi. Mudzaona ana amene mumawayesa osalankhula akukangana za liwu loyenera, akuthamangira dikishonale, akufunsa mphunzitsi. Phunziro limenelo lili ndi kumasulira, galamala, kulankhula pagulu ndi kulemba, ndipo mwana amapita kwawo atadziwa kuti Chingerezi chingathe kunyamula nzeru za agogo ake.

Pambuyo pake Chingerezi chichuluke sabata ndi sabata. Pakhale maola a Chingerezi chokha amene ana akuwadziwiratu ndi kuwakonzekera: mitsutso, masewero a zisudzo monga aja a mpikisano wa ATEM amene adasula olankhula ambiri m'dziko muno, kuwerenga nkhani pa asembule, nyuzipepala ya pakhoma. Mwana aliyense awerenge kanthu tsiku lililonse, ngakhale nyuzipepala yakale, pakuti mphini yobwereza ndiyo imawala. Ndalama zimene sukulu zina zimatolera ngati chindapusa cha Chichewa zisatoleredwenso. M'malo mwake komiti ya makolo ndi aphunzitsi ifunefune njira yogulira mabuku a nthano ndi madikishonale a zilankhulo ziwiri, amene masiku ano alipo. Nthawi imene mwana amathera akutchetcha udzu wa chibalo, anzake akuphunzira, ndi nthawi yobedwa ku Chingerezi chomwecho.

Inu makolo, musaope kufunsa. Pamsonkhano woyamba wa makolo ndi aphunzitsi funsani mwaulemu ngati sukulu ili ndi chilango cha chilankhulo, ndipo ngati chilipo funsani phindu limene chabweretsa pa zotsatira za mayeso. Funsaninso kuti mwana wanu wawerenga mabuku angati teremu ino, pakuti yankho la funso limeneli ndilo lidzakuuzani za Chingerezi chake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mumanyadira mukamva kuti kusukulu ya mwana wanu Chichewa n'choletsedwa, poganiza kuti ndiye sukulu yapamwamba. Kunyada kumeneko kumachokera m'chikondi, chifukwa mukufuna mwana adzapeze zimene inu mudazisowa. Koma mwana amene wabwera kutchuthi n'kumachita manyazi kupereka moni kwa agogo ake m'chilankhulo chawo, kwinaku kalata ya Chingerezi yofunsira ntchito sangathe kuilemba, wataya kuwiri.

Ndipo inu adzukulu anga amene muli ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi ku London, amene ana anu akukula ndi Chingerezi pakamwa, nkhaniyi ikukukhudzani mwa njira ina. Kwa inu chikwangwani chili m'nyumba, pamene kholo lileka kulankhula Chichewa ndi mwana poopa kuti chim'sokoneza kusukulu. Sichim'sokoneza. Ana a kuno kwathu akhala akukula ndi zilankhulo ziwiri kapena zitatu chiyambire kalekale, Chichewa pabwalo, Chitonga kwa amalume, Chiswahili kapena Chiyao kumsika ndi kumzikiti, ndipo mitu yawo sidaphulike. Chingerezi ana anuwo adzachipeza paliponse. Chichewa akapanda kuchipeza kwa inu sadzachipeza kwina.

Ena ati tsobola wakale sawawa, agogowa nthawi yawo idapita. Ndalandira. Koma ana amene akulowa Fomu 1 chaka chino adzalemba MSCE pakapita zaka zinayi, ndipo zimene zichitike m'sabata zoyambirira zino zidzaoneka pa pepala la zotsatira. Ahedi ndi aphunzitsi amene mwawerenga mpaka pano, chotsani chikwangwani muofesi, ng'ambani kope la mayina, ndipo yesani njira inayi teremu imodzi yokha. Pakutha pa teremu muwerenge manja amene akukwezedwa m'kalasi, muyerekeze ndi a chaka chatha, kenaka mudzandiuze ngati ndanama. Mawu a akulu akoma akagonera.

Ndatha ine agogo anu, kuno kunyanja. Mukhale bwino nonse.